Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: review ndi tchipisi cha pa Lizulu

Zikomo nonse amene munandipepesa pa gawo lapitali, makamaka inu achemwali a ku Bembeke amene munati munagwetsa misozi. Za maliro a bambo tatseka. Zaka zitatu zotsatira ndinazithera ndikuphunzitsa pa sekondale ina ya CDSS kufupi ndi Lizulu, choko ndi chisanu cha mu Juni basi. Koma aphunzitsi anzanga mwalimbikira kufunsa momwe ndinkaphunzitsira ana a Fomu 3 kulemba review ya buku m'Chingerezi, kutanthauza kuunika zabwino ndi zofooka za bukulo, ndiye lero ndiyankhe.

Chaka choyamba ndinagwa nayo. Makope onse anangofotokoza nkhani ya m'buku kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenako mzere umodzi: "The book is interesting." A hedi a pasukulupo anatola kope limodzi mu staff room n'kuliwerenga mokweza anzanga akumwa tiyi. Anafunsa ngati ku koleji ndinkapita kukaphunzira kapena kukadya nyemba. Ena anaseka, ena anaweramira m'makapu. Ine ndinangogwira cholembera chofiira, tiyi wanga n'kuzizira osamulawa. Belu litalira ndinatsala ndekha, manyazi atandigwira miyendo. Vuto analiona molondola, sindikana, koma sakanayenera kundivula pagulu.

Chimene ndinazindikira n'chakuti mwana wa kuno sanaweruzepo buku, koma tchipisi amachiweruza tsiku lililonse. Choncho piriyodi yoyamba, mphindi 40, buku lisatuluke. Afunseni kuti pa chiwaya cha ndani pali tchipisi chabwino. Mkangano umabuka pompo: uyu mafuta ake ndi adzana, uyo kachewere wake sapsa mkati, winayo amaumira kabichi. Bolodi muligawe pawiri, mbali ina chiweruzo, mbali ina umboni, ndipo zonse zilembedwe m'Chingerezi. Lamulo ndi limodzi: chiweruzo chilichonse chitsatidwe ndi because komanso chinthu chimene waona ndi maso. Mawu akuti good, nice, interesting ndi boring ndimawaletseratu, chifukwa ndi mobisalamo ana aulesi.

Piriyodi yachiwiri ndi ya kamangidwe, ndime zinayi, mawu pakati pa 250 ndi 300. Yoyamba ikhale ndi mutu wa buku, mlembi, osindikiza, chaka ndi mtundu wa nkhani. Yachiwiri ndi chidule, ziganizo zosaposa zisanu, mu present tense, ndipo mathero a nkhani asaululidwe, poti review amalembera munthu amene sanawerenge. Yachitatu ndiyo yaitali: ziwiri zimene mlembi wachita bwino, chimodzi chimene chamukanika, chilichonse ndi nambala ya tsamba. Yomaliza inene amene ayenera kuwerenga bukulo ndi chifukwa chake.

Povuta ndi pa cholakwikapo. Ana athu analeredwa kuti wamkulu satsutsidwa, ndipo kwa iwo chosindikizidwa chili ngati mawu a mfumu pa bwalo. Mukapanda kuwakakamiza, ayamikira mpaka chikuto. Ine ndimayamba ndekha kuloza munthu wa m'nkhani amene wangosowa pakati osadziwika kumene wapita, kenako ndimawapatsa poyambira monga "The writer fails to" ndi "The story would be stronger if". Akaona kuti mphezi sinagwe, pakamwa pamamasuka. Chenjerani nawo anyamata a kumbuyo, amene amayesa kuti kudzudzula ndi kunyoza. Wopanda tsamba la umboni alibe malikisi.

Inu amene munalemba kuti mabuku sakwanira, ndikudziwa, ifenso buku limodzi linkazungulira gulu lonse. Tengani nkhani yaifupi ya masamba awiri, muiwerenge mokweza kawiri, ulendo wachiwiri ana akulemba zimene zawakhudza. M'malo mwa tsamba atchule chochitika.

Piriyodi yachitatu asinthane makope. Aliyense adule mzere ndi pensulo pansi pa chiganizo chilichonse chongobwereza nkhani. Mizere ikapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a review yonse, mwini wake alembenso musanachonge. Izi zinandipulumutsira parafini wambiri.

Gawo lotsatira ndikamba za kalata yondisamutsira ku Mayani, ndi amene anali kumbuyo kwake.