Sitima yanga inakaima pa nkhuku

Ku England kuno ali ndi kaunjika wawo wa Lamlungu, kumene anthu amagulitsa zakale kumbuyo kwa galimoto. Kumeneko ndinapezako kainjini ka sitima yoseweretsa, kachitsulo, kolemera ngati mwala wonolera mpeni, pansi pake atalembapo Hornby Dublo. Wogulitsayo anati njanji zake zinatayika kalekale. Ine ndinati zimenezo si nkhani, njanji ndi njanji.

Kusitolo ndinagula njanji zatsopano za Peco, kampani ya ku Devon imene inayamba mu 1946. Mpata wake mamilimita 16.5, mawilo a kainjini kanga analowa bwinobwino. Loweruka ndinaitana anzathu a kutchalitchi kuti adzaone. Mayi a ana anaphika nsima ndi nkhuku, mbale n'kuzindandalika pathebulo lomwelo, poti nyumba za kuno mukuzidziwa kuchepa kwake.

Ndinakhosomola, n'kupotoza kabatani. Zii. Kabokosi ka magetsi kanangoti tche, n'kuzima. Ndinayesanso. Tche.

"Bambo, kodi tidye kapena tidikire sitima?"

"Ikubwera, mayi. Ya ku Nayuchi timaidikira bwanji?"

Anatipulumutsa ndi agogo a khomo loyandikana nalo, mzungu amene chipinda chake chonse ndi masitima okhaokha. Anatembenuza kainjini kaja, n'kuseka mpaka kupukuta misozi. Akuti kampani ya Meccano, imene Frank Hornby anayambitsa ku Liverpool, itatulutsa Dublo mu 1938 njanji zake zinali zitatu. Magetsi amabwera ndi yapakati, n'kubwerera kudzera m'mawilo a mbali zonse. Za njanji ziwiri anayamba mu 1959, a Tri-ang, opikisana nawo pa malonda a zidole, atawalanda kale makasitomala ndi masitima otchipa apulasitiki, ndipo pofika 1964 eni a Tri-ang anagula Meccano yonseyo. Ndiye kainjini kanga, kokhala kamtundu wakale, ukakaika pa njanji ziwiri mawilo amalumikiza magetsi a uku ndi uku. Shoti.

Agogo aja anapita kwawo kukatenga njanji zoyenera. Koma mwana wa ku Ndirande angadikire mzungu chifukwa cha njanji imodzi yokha? Ndinawongola waya wa hang'ala, n'kuumata pakati ndi tepi, mawaya a magetsi n'kuwalumikiza monga anafotokozera. Kabatani kaja kanali kadakali kumapeto, pamene ndinakasiya mokwiya.

Anthuni, inayenda. Kachitsulo kamene kanagona zaka zambirimbiri kanadzuka ndi ukali wonse. Mwana wanga anakuwa, amayi a chigwirizano anayamba kululutira, ine manja m'chiuno. Koma waya wanga unathera pakona, ndipo pakonapo sitima sinakhote. Inadumpha njanji, kupyola pamwamba pa nsima, n'kukagwera m'mbale ya nkhuku, phava! Msuzi unafika mpaka pa taye ya a mkulu wa mpingo.

Agogo aja analowa atanyamula bokosi la njanji zitatu, n'kupeza mayi a ana akuvuula injini ya Hornby Dublo ndi chipande, anyezi akulendewera kumawilo.

A mkulu wa mpingo anapukuta taye yawo modekha, n'kusuzumira m'mbalemo.

"Achimwene," anatero, "funsani ngati muli ovulala, ife tiyambe kupemphera tidye."