Linthumbu la ku Dzalanyama ndi buluku langa

Popeza nkhaniyi yafika kale kwa apongozi anga, ndipo yafikako itamera nyanga, lekani ndiinene ndekha. Buluku ndinavuladi. Koma zoti ndinathamanga buno bwamuswe mpaka kumsewu ndi bodza la mnzanga wolemba manambala uja. Kabudula wamkati analipo, nsapato imodzinso sinachoke kuphazi.

Tinali ku Dzalanyama nthawi ya bowa, tikuyeza mitengo kuti tidziwe kulemera kwa mizu yake. Ife sitikumba ayi. Anakumba kale akatswiri ena ndi makasu awo, mizuyo nkuiumitsa, nkuiika pasikelo, ndipo anatisiyira masamu: ukadziwa kunenepa kwa thunthu, masamuwo amakuuza zapansi. Mitengo ya miombo ngati tsamba ndi mtondo, mizu yake imatha kuyandikira theka la kulemera kwa zonse zimene ukuziona kumwambazo. Lamulo ndi loti tepi izungulire thunthu pa mamita 1.3 kuchokera pansi, ndipo pakakhala potsetsereka uime cha kumtunda. Ndiye amene mukufunsa kuti ndinaimiranji pamene panali linthumbu, malowo sindinasankhe ine. Inasankha ndi sayansi.

Mtondo wake unali wonenepa, ine manja afupiafupi. Ndinaukumbatira, tsaya lili phaa pakhungwa, zala zikusakasaka nsonga ya tepi kuseri.

Linthumbutu lili ndi mwambo. Siliyamba kuluma likadali ku akakolo. Limakwera mwakachetechete, mwaulemu, aliyense kukafika pamalo pake, ena mpaka kumalo koti sindingatchule apongozi akuwerenga. Kenako mkulu wawo amaliza wezulo.

Abale inu. Moto unayaka paliponse nthawi imodzi. Koma taonani kudzipereka kwanga pantchito, tepi sindinaitaye. Ndinakuwa kuti, "46!" Mnzanga uja, ali phee pamthunzi cholembera kukamwa, akuti, "Achimwene, mwawerenga mbali iti ya tepi? Ngati ndi yozungulira thunthu, tigawe ndi 3.14 kuti tipeze muyeso wodutsa pakati pa thunthulo." Munthu ndikudyedwa wamoyo, iye akufuna 3.14!

Apa nkuti ndikadaukumbatira mtengo uja, miyendo ikupondaponda, chiuno chikudzidulira chokha, maso ali psuu. Ndi nthawi yomweyo imene anatulukira amayi otola bowa, madengu ali pamutu. Anaima. Anandiyang'ana ine, nkuyang'ana mtengo, nkundiyang'ananso ine. Wamkulu wa onsewo anawomba m'manja pang'ono nkunena kuti, "Pepani bambo, ngati ndi zamankhwala ife tingodutsa, sitinaone kanthu."

Ndinafuna kuwafotokozera za mizu ndi mpweya wa kaboni umene mitengo imasunga pansi, koma pakamwa panangotuluka "Mayo ine!" Lamba anamasuka yekha. Buluku linauluka nkukakodwa pa kamsuku, ndipo amayi aja anatembenuka onse kuyang'ana kuphiri, mapewa okha akugwedezeka. Akuluakulu a linthumbu aja ukawazula thupi limachoka, mutu nkutsala uli chilumire, moti ndinakhala pamwala nkumatola mitu m'ntchafu uku mnzanga akuumirirabe kuti tiyezenso.

Tinayezanso, iye atagwira tepi, ine ndili patali. Anapeza 46 yemweyo, zimenezo sakunena kwa anthu. Titakoka chingwe kuchokera pakati pa puloti imene tinkayezamo mitengo, tinapeza kuti mtondowo uli kunja kwa malire pang'ono chabe. Anangoufufuta papepala.