Tameza malovu ndione

Lachitatu usiku. Tulo tathawa, ndiye bola ndingolemba.

Azakhali afika masana kuchokera ku Nkhamenya. Mawa ali paulendo wa ku Lilongwe, ndiye anati agone kuno ku Kasungu boma kuti alawirire bwino. Ndinawayalira mkeka pakhonde n'kuwatungira madzi akumwa, koma powapatsira, kapu inkanjenjemera m'manja mwanga mpaka madzi ena kutayikira pachitenje chawo. Chitenjecho sanachilabadire. Anandigwira chibwano, kundikweza mutu, n'kuti, "Tameza malovu ndione."

Ndinameza.

"Tamezanso." Chala chawo chili m'munsi mwa kholingo langa. "Ehe, chikukwera n'kutsika. Iwe mwana, chimenechi chinayamba liti?"

Pa nkhani ya chithokomiro azakhali sungawapusitse. Ali ndi chipsera chopingasa pakhosi chimene amabisa ndi mikanda akamapita kutchalitchi. Chawo chinakula mpaka kumawabanika akagona chagada, madokotala n'kuchichotsa. Pambali pa chipsera cha opareshonicho pali timphini tating'onoting'ono, ta asing'anga amene anayamba kupitako. Amationetsa dala, n'kumaseka. "Awa anandidyera mbuzi ziwiri, chotupa chili pompo."

Ndiye ndinawauza zonse, zimene ngakhale amayi sindinawauze. Kuti masiketi onse andikulira, ndikumanga ndi pini. Kuti ndikudya kuposa kale, nsima mitanda itatu, koma thupi likungotha. Kuti usiku mtima umagunda mpaka kumaumva m'makutu, ndipo nditawerenga ndi wotchi ya pafoni ndili chigonere unapitirira 100 pa mphindi imodzi. Pabolodi choko chimavina, ana a kutsogolo amaona. Za thukuta ndinkangoti ndi dzuwa la Okutobala, pakuti ndani sakutuluka thukuta mwezi uno, anthu akuthirira nazale za fodya mbandakucha kuthawa kutentha. Koma anzanga m'nyengo yozizira ija ankavala majuzi ine ndikudzikupiza ndi kope.

Chimene chikundiwawa kwenikweni si khosi ayi. Ndi pakamwa pa anthu. Sabata yatha muofesi ya aphunzitsi mayi wina anandikokera pambali, mawu otsitsa, nkhope ya chifundo, amvekere, "Asisi, musaope kukayezetsa, masiku ano mankhwala alipo, anthu akukhala." Ndinamva chimene amatanthauza. Kuno munthu ukangoonda, matenda ako ndi amodzi basi, ndipo amakuyezera kumaso. Ndinayezetsa kale kachilombo, ndinayezetsa malungo, shuga ndinayezetsanso. Nanga ndizingoyenda ndi kabuku ka kuchipatala pachifuwa kuti aliyense awerenge? Ndipo ngakhale kakanakhala kachilomboko, iye zikumukhudza pati? Ndinamuyankha mwaulemu, koma mpaka lero ndikamuona mtima umadumpha, kaya ndi mkwiyo kaya ndi chithokomirocho. Nakonso kukwiya msanga akuti ndi chimodzi mwa zizindikiro zake, moti panopa ngakhale mkwiyo wanga womwe ndikuukayikira ngati ndi wangadi.

Tinakanganako pang'ono ndi azakhali pa nkhani ya mchere. Iwo akuti vuto ndi mchere basi. Akuti iwo anakulira ndiwo za chidulo ndi mchere wamiyalamiyala woyeza pambale kumsika, ndipo m'mudzi mwawo amayi otupa khosi sanali achilendo. N'zoona, thupi likasowa ayodini chithokomiro chimakula pofuna kugwira kochepa komweko, n'chifukwa chake dziko lino linakhazikitsa lamulo mu 1995 loti mchere uzikhala wothira ayodini. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 patsiku, mayi woyembekezera 250. Anandilowera mpaka kukhitchini kukaona mchere wanga, n'kundikalipira kuti ndimausiya m'mbale yosavindikira pafupi ndi mbaula, ayodini amauluka. Apo ndinavomera. Koma ndinawauza kuti, "Azakhali, zanga sizikufanana ndi zanu. Inu simunkaonda, mtima sunkathamanga." Pali mtundu wina umene chithokomiro chimagwira ntchito mopitirira muyeso, kawirikawiri chifukwa chitetezo cha m'thupi momwemo ndicho chikuchisonkhezera. Amautcha matenda a Graves, amakonda akazi kuposa amuna, ena mpaka maso amatong'oka. Umenewo mchere suchiza, ndipo kuwonjezera ayodini mwachisawawa kukhoza kuukulitsa.

"Wayamba udokotala wa pafoni," anatero. "Magazi akuyeza?"

Apo ndinakhala chete. Adokotala amene anandiona anandilembera kuti ndikayezetse TSH ndi T4, timadzi ta m'thupi timene timayenda m'magazi, ndipo anandifotokozera bwino. TSH imachokera m'kachiwalo kena kamene kali pansi pa ubongo, ndiyo imalamula chithokomiro kuti chigwire ntchito, pamene T4 ndi imene chithokomirocho chimatulutsa. Chikamathamanga kwambiri TSH imatsika, chikachita ulesi imakwera. Kungotenga magazi pamkono, nkhani yonse n'kudziwika. Anati ndipite ku Lilongwe, kaya ku Kamuzu Central kaya kolipira. Kapepalako kali m'Baibulo, pa Masalimo, kakungodikira malipiro a mwezi uno, kenaka a mwezi winawo. Ulendo wa makilomita oposa 120 si wa ku Joni, ndikudziwa. Bambo a ana anati ndalama ya basi ipezeka. Amene akuzengereza si iwo.

Ndikuopa kuuzidwa kuti ndi mankhwala a moyo wonse. Ndinawauza choncho azakhali, iwo n'kutulutsa kabotolo m'kachikwama kawo ka m'chiuno, kokulunga m'pulasitiki ya shuga. Timapilitsi toyera, tochepa kuposa njere ya mphodza. Levothyroxine, dzinalo amalitchula bwinobwino munthu woti sukulu analekezera sitandade 5. Amamwa kamodzi tambala akangolira, ndi madzi okha, m'mimba mulibe kanthu. Tiyi amadikira theka la ola kapena ola lathunthu. Mapilitsi owonjezera magazi, aja a ayironi, amawatalikitsa maola anayi chifukwa amatsekereza mankhwalawo. Akawasinthira mlingo amabwereranso kukayezetsa pakatha milungu 6 mpaka 8. Chaka china fodya atagulidwa moipa anasowa thiransipoti, mankhwala n'kuwathera. Akuti ankamva kuzizira dzuwa lili pamutu, nkhope inatupa, kuchimbudzi osapita, kuyankhula n'kumachita kukoka mawu, mpaka ana awo ankayesa kuti ayamba kusokonezeka ndi ukalamba. Atayambiranso kumwa, pang'onopang'ono anabwerera mwakale.

"Ndiye ukuopa chiyani? Ine ndikulima, ndikuvina kuchikwati. Anzako a BP sakumwa tsiku ndi tsiku?"

Amatero iwo, poti anazolowera. Komanso ngati changa ndi chothamangachi, mankhwala ake ndi ena, carbimazole, ndipo adokotala aja anandichenjezeratu kuti munthu amene akumwa amenewo akangomva zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi asamati ndi chimfine, asiye kumwa athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Mawu amenewo ndi amene anandikhala m'mutu, osati ena onse abwino amene ananena. Mutu wangawu umatola zoopsa zokhazokha masiku ano.

Amayi andiimbira madzulo, azakhali atawatsina kale khutu. Iwo maganizo awo ali kwina, akuti kuntchito kwangako alipo amene sakondwa nane, ndipite kumapemphero a kuphiri. Sindinatsutse, mphamvu zotsutsana ndi amayi pafoni ndilibe.

Tikudya, azakhali anangoti, "Mawa tikwerere limodzi. Ine ndikatenge mankhwala anga, iwe akakutenge magazi." Ndinati mawa ana a sitandade 7 ali ndi mayeso, komanso kwa ahedi sindinapemphe. Anati ahediwo ali ndi foni. Nambala yawo ndaitsegula, uthenga ndalemba theka, ndafufuta, ndalembanso. Kaya munthu amatumiza uthenga kwa abwana nthawi ngati ino, kaya ndidikire kuche.