Zikomo amalume a ku Senga Bay

Dzulo aphunzitsi avomera kafukufuku wanga uja, wophunzitsa kompyuta kuona pa sikani ngati khansa ya chithokomiro yafalikira m'khosi. Ndafika kuno ku Salima usiku, tulo sitinabwere mpaka pano.

Ambiri mukudziwa chinandilowetsa m'zimenezi. Mayi atachitidwa opaleshoni ya khansa ya chithokomiro ku Lilongwe, anabwerako mawu atasasa, kwaya anasiya. Khansa imeneyi, makamaka yofala ija ya papillary, imakonda kuthawira mu timwanabele ta m'khosi, ndipo ta pakati, pafupi ndi kholingo, sikani ya ultrasound imavutika kutiona. Dokotala akatichotsa tonse, angakhudze mtsempha wa mawu kapena tiziwalo tinayi tolamulira kashiamu m'magazi. Akatisiya tili ndi matenda, wodwala adzang'ambidwanso kachiwiri. Ine ndimafuna kompyuta izimunong'oneza dokotala asanagwire mpeni. Kunong'oneza basi, chiganizo n'cha dokotala.

Amalume, inu ndiye ndilibe nanu mawu. Magetsi atazima sabata ija, munabwera panjinga mutamangirira batire lanu loyatsira nyali za usipa, likununkha nsomba, n'kunena kuti "lumikiza, ine ndipuma kaye panyanja." Masiku atatu osapita kokagwira! Bandulo ikatha, ndimangoona meseji yalowa, osandiuza n'komwe.

Ndipo ndinu munamva deep learning msanga kuposa anzanga ena a digiri. Ndinakuuzani kuti ndimaionetsa kompyuta zithunzi zambirimbiri za sikani, chilichonse chili ndi yankho la ku labu, ikalakwa imadzikonza, mpaka izolowere kuona yokha. Munaseka, amvekere, "ngati mmene ndimadziwira mwera, palibe anandilembera, ndinangoyang'ana madzi zaka zambiri." Kenako munafunsa ngati kompyuta yophunzira pa makosi a anthu akunja ingadziwe khosi la mlongo wanu. Funso lomwelo aphunzitsi andifunsa dzulo, amalume, mwa chizungu chabe. Ndayankha zoona: isanayesedwe pa odwala athu, isakhulupiriridwe.

Mayi, zikomo pondilola kuika chipsera chanu patsamba loyamba. Achemwali a kumpingo amene munkabwera ndi phala, Mulungu akubwezereni pomwe munachotsa.

Aja munkati mwana wa m'mudzi akungotha ndalama pa laputopu, uthenga wanu wa m'mawa uno ndauona, ndiyankha ndikapuma.

Ambuye, mwandisunga. Amalume, batire lija ndibweretsa Loweruka, nditalitchaja.