Lipoti la ulendo wa ku Adelaide: za a William Light, oyeza malo amene anakana kuyeza mothamanga

Kwa amene munatsala chifukwa cha mayeso aja, nali lipoti. Basi inatitula m'mamawa ndipo anzathu aku Adelaide anatilandira bwino zedi, nkhuku ndi nsima zinalipo, osadandaula. Titadya tinangoyamba ndi ku Montefiore Hill komwe kuli chiboliboli cha a Colonel William Light ataloza chala kumzinda. Ukaima pamenepo tauni yonse imaoneka pansi, misewu yowongoka ngati mizere ya m'munda mwa mlangizi, kenako mitengo ndi udzu kuzungulira mzinda wonse mbali zonse.

Bamboyu anabadwa mu 1786 ku Kedah, komwe lero ndi Malaysia, bambo ake anali Francis Light amene anakhazikitsa tauni ya Angelezi ku Penang. Anagwirako usilikali, kenako mu 1836 anamupatsa ntchito yoyeza malo mu koloni yatsopano ya South Australia nabwera pa sitima yotchedwa Rapid. Ntchito yake inali kusankha pomanga likulu la koloniyo, lomwe ndi Adelaide wa leroyu, ndi kudula mapoloti, koma anthu anali atagula kale malowo ali ku London asanawaone n'komwe, ndiye mutha kuona phuma lake, aliyense akufuna apatsidwe pake lero lomwe.

Iye anasankha kumtunda m'mbali mwa mtsinje wa Torrens chifukwa cha madzi akumwa ndi nthaka yabwino. Bwanamkubwa John Hindmarsh, munthu wa zapanyanja, sanafune zimenezo, ati likulu likhale pafupi ndi doko. Anakangana mpaka kuitanitsa msonkhano wa eni mapoloti mu February 1837 ndipo mavoti anagwera kwa a Light. Kuyeza kunayamba mu January n'kutha mu March chaka chomwecho, maekala 1,042, kummwera kwa mtsinje 700 ndipo kumpoto 342. Tangoganizani, kunalibe GPS, kunalibe dironi, anali ndi tcheni cha mafiti 66, zikhomo ndi thiyodolaiti (chipangizo chosuzumiramo poyeza makona) basi, komanso miyezi imeneyo kumeneko ndi nthawi ya dzuwa loswa mtengo. Achimwene athu amene amaphunzira za saveyi, kuyeza malo, anatiyesezera mmene amakokera tchenicho, mmodzi kutsogolo atanyamula timisomali khumi, pothera tcheni azika kamodzi, wam'mbuyo akumatola, timisomali tikathera m'manja mwa wam'mbuyo ndiye kuti mwayenda matcheni khumi. Ukangotaya kamodzi mu udzu mawerengero onse asokonekera.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi cha 1838. Mabwana a ku London anaona kuti minda ya kunja kwa tauni ikuchedwa, ndiye analamula kuti asiye kuyeza kwa matrayango, kogawa dera m'zigawo za makona atatu, kumene kumadya nthawi koma kolondola, ayambe kuyeza kwachidule kongothamanga. A Light anakana n'kutula pansi udindo, ndipo ambiri mwa anyamata awo anawatsatira. Ineyo ndikuti anachita bwino, aliyense amene anakhalapo pa mlandu wa malire akudziwa kuti chikhomo chozikidwa mwaphuma chimadzayambanitsa zidzukulu.

Zitatero zinthu zinangowathina. Mu January 1839 nyumba yawo inapsa, mapepala ndi zojambula zambiri zinathera pamoto, chifuwa chachikulu nacho chikuwadya, ndalama palibe. Anamwalira pa 6 October 1839 ali ndi zaka 53, akudwazidwa ndi Maria Gandy amene ankakhala naye koma osakwatirana, nkhani imene akuluakulu a m'tauni ankainyansidwa nayo. Manda awo tinakawaona, ali pakati penipeni pa bwalo la mumzinda lotchedwa Light Square, pamwamba pa chipilala anaikapo thiyodolaiti, magalimoto akungodutsa uku ndi uku. Eti lero khonsolo ya mzinda chaka chilichonse imamwa vinyo powakumbukira, kkkk ali moyo ankavutika ndi ngongole.

Masana tinapita ku Victoria Square, imene dzina lake lina ndi Tarntanyangga, ndipo apa m'pamene gulu linagawikana. Malo onse anayezedwawa anali ndi eni ake, anthu a mtundu wa Kaurna, ndipo chikalata cha mfumu cha 1836 chokhazikitsa koloniyo chinanena kuti ufulu wa eni nthaka pa malo awo usakhudzidwe, koma maekala anagawidwa ndi kugulitsidwa ngati panalibe munthu. Achemwali ena anati ndiye tikumutamiranji, tcheni lakelo si ndi limene linalanda dziko? Achimwene a saveyi aja anati iye anali wantchito chabe, wolamula anali ena. Ine ndinaima pakati koma mopendekera kwa achemwali, luso la munthuyo sindikulikana ndipo kukana zachidule kuja ndaulemu, koma mapu olondola bwino ndi amenenso anapangitsa kuti kulandako kukhale kovuta kubweza. Mkangano unapitirira mpaka mu basi.

Za ndalama, msungichuma atumiza pa gulu mawa. Amene simunamalize ya thiransipoti chonde malizani, anzathu aku Adelaide akubwera kwathu ulendo wotsatira ndiye tiyambiretu kusonkha.