Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Minda ya mapira itasanduka mapuloti ku Nchalo

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinamaliza kuphunzira umisiri womanga nyumba. Zaka zotsatira ntchito yanga yonse inali m'dera limodzi, kunja pang'ono kwa msika wa Nchalo, kumene lero nyumba zathithikana koma kale kunali minda ya mapira ndi thonje, ng'ombe zikudya m'mbali mwake. Dera limenelo ndi limene ndikufuna mulidziwe, poti ambiri a inu mukugula malo ngati amenewa ku Ngabu, ku Bangula kapena pa Dyeratu.

Chimene chinakoka anthu ndi shuga. Munda wa nzimbe unayamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo ngakhale Illovo inautenga mu 1997, achikulire mpaka pano amatchula dzina lakale la kampani, amati "ndinkagwira ku Sucoma". Nyengo yodula nzimbe, kuyambira cha mu Epulo kufika Novembala, kumabwera anthu ochokera ku Nsanje, Thyolo, Mulanje ndi Mwanza, ndipo si onse amapeza nyumba za kampani. Oyamba kugula malo anali opuma ntchito amene sanafune kubwerera kwawo. Ankamanga nyumba yawo kutsogolo, kuseri n'kuyika mdadada wa zipinda za lendi. Kenako kunabwera aphunzitsi, anamwino, amalonda ndi akabaza. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anaonjezera mabanja amene anathawa m'mbali mwa Shire.

Malo ankagulitsidwa chonchi: mwini munda amayeza ndi mapazi, wogula n'kubwera ndi mboni, onse n'kupita kwa a nyakwawa kukalemba kalata. Vuto linali lakuti wogulitsa aliyense ankafuna mapuloti ambiri m'munda mwake, choncho msewu sankausiya. Pali mizere ina kumene lole ya mchenga siingalowe, ngolo nayo imakanika, ndipo bokosi la maliro limatuluka pamapewa kudutsa pabwalo pa eni ake. Pogula, onetsetsani kuti kalata yatchula msewu wa mamita osachepera 6, ndi kuti ngalande ili ndi malo ake pambali. M'makona muthiremo zikhomo za konkire tsiku lomwelo mboni zisanabalalike, chifukwa mtengo wobzala m'malire mbuzi zimadya. Funsaninso ngati abale a wogulitsayo akudziwa. Munda wa banja ukagulitsidwa ndi munthu mmodzi, alongo ake amatulukira inu mutafika kale pa mawindo.

Malo a kuno sagulidwa mu Okutobala. Nthawi imeneyo paliponse ndi pouma, pooneka bwino. Pitani mu Febuluwale mvula itagwa usiku, muone kumene madzi aima ndi kumene akulowera. Ngati simungadikire, yang'anani makoma a nyumba zoyandikana ndi makungwa a mitengo: madzi a namondwe wa Ana mu 2022 ndi a namondwe wa Freddy mu 2023 anasiya mzere wa matope, ndipo mzerewo sunama. Mitsinje ya Mwanza ndi Nkombedzi inadzaza mchenga, moti ikasefukira madzi amayenda m'minda ndi m'midzi osati m'khwawa mokha.

Tsopano dothi. Mbali yaikulu ya dera lathu ndi makande, dothi lakuda lija limene m'chilimwe limang'ambika mpaka dzanja kulowa, mvula ikagwa n'kufufuma. Nyumba yomangidwa pamwamba pake imakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, ndipo mng'alu umayambira pa ngodya ya windo kutsetsereka chopingasa. Anthu amanena kuti simenti inachepa, ena amaganizira anzawo zoipa, koma nkhani imakhala pansi. Maziko a pa makande akumbidwe mita imodzi kapena kuposa, kufikira dothi litasintha mtundu, m'lifupi masentimita 60. Pansi pathiridwe mchenga wokhuthala masentimita 10, utsindiridwe, kenako konkire wa muyezo umodzi wa simenti, itatu ya mchenga ndi isanu ndi umodzi ya miyala, wokhuthala masentimita 20, muli zitsulo za Y12, zija zonenepa mamilimita 12. Kuchokera apo njerwa zimangidwe ndi simenti, osati matope, mpaka nyumba itakwera masentimita 45 kapena 60 pamwamba pa nthaka. Pamenepo muyale pulasitiki wakuda uja wotchinga chinyezi, wotchedwa DPC. Bulikifosi, waya wolimbitsa khoma uja, alowe pa mizere itatu kapena inayi iliyonse, ndipo pamwamba pa mawindo padutse ring beam, lamba wa konkire wa zitsulo, kuzungulira nyumba yonse, osadukiza. Waya womangira denga atuluke mu konkire ameneyu, chifukwa mphepo yotsogolera mvula yoyamba imasasula malata amene mitengo yake inangokhomedwa pa njerwa.

Eni nyumba ambiri amakana zimenezi poona kuti ndalama zikuthera pansi pamene sipaoneka. Ine ndimawauza kuti achepetse zipinda. Nyumba ya zipinda ziwiri ya maziko abwino mudzaionjezera, koma ya zipinda zinayi yong'aluka mudzaimata chaka chilichonse mpaka kutopa.

Mdani wachiwiri ndi mchere. Mukaona ufa woyera m'munsi mwa khoma, pulasitala akufumbutuka, ndi mchere umene wakwera ndi chinyezi. Umachokera m'nthaka ngati DPC palibe, kapena m'madzi amene anakandira simenti. Madzi amene simungamwe musakandire konkire wa zitsulo, amadyetsa zitsulozo dzimbiri. Konkire athiridwe m'mamawa, afunditsidwe masaka onyowa ndi kuthiriridwa masiku 7, poti kutentha kwa kuno, kumene kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, kumamuumitsa asanalimbe. Za kutenthako, khoma lifike mamita atatu, mawindo ayang'anizane kuti mphepo idutse. Nimu ndi mthunzi wabwino ndipo wabiriwiritsa dera lonse, koma abzalidwe mamita osachepera 5 kuchokera pa khoma. Mizu yake imayamwa madzi a m'makande mbali imodzi, nyumba n'kupendekera komweko.

Madzi akumwa ndi amene anayamba kutiphunzitsa kukhala pamodzi. Mijigo iwiri yoyandikana ikhoza kusiyana, wina madzi okoma, wina amchere oti sopo sachita thovu ndipo tiyi samweka. Amayi amadziwa wotunga akumwa ndi wochapira, n'chifukwa chake pa mjigo wokoma mzere wa zigubu umayamba kusanache. Mjigo wa mtundu wa Afridev anaupangira anthu pafupifupi 250. Ukamatumikira kuposa apo, osapuma tsiku lonse, timphira ta mkati timatha msanga. Zizindikiro zake n'zodziwika: mukapopa nthawi yaitali madzi asanatuluke m'mawa, vavu ya pansi ikudontha, kamphira ka bobini kapena ka O-ring katha. Madzi akamatuluka ochepa, katha ndi kamphira ka U-seal. Chogwirira chikamagwedera uku ndi uku, mabushi, timapulasitiki timene chimazungulirapo, adyeka, ndipo mukazengereza chimadya chitsulo chenichenicho. Zonsezi ndi zotsika mtengo, ndipo komiti yophunzitsidwa imasintha yokha pozula ma rodi. Komiti imene imagwa ndi yosonkhetsa ndalama mjigo utafa kale. Imene yakhalitsa kwathu imasonkhetsa mwezi ndi mwezi, imawerenga buku poyera pamsonkhano, ndipo msungichuma amakhala ndi timphira tapadera m'nyumba. Mipopi itafika ena anati mjigo watha ntchito. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi n'kumazimazima, onse anabwerera ku mjigo womwewo.

Chimbudzi chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa mjigo, kumunsi kwake. Dzenje la makona anayi losamangira limagumuka mvula yachiwiri. Likumbidwe lozungulira, limangiridwe njerwa kuchokera pansi mosiya timipata, chakumwamba n'kutseka ndi simenti, ndipo silabu ikwere pamwamba pa mzere wa madzi uja. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatikumbutsa kuti chimbudzi cha mnzako chikasefukira, matenda salowa kwa iye yekha.

Kumudzi maliro akagwa aliyense amadziwa chochita. Kuno tinakumana Amang'anja, Asena, Alomwe ndi Ayao, ena ongokhala miyezi ya nzimbe yokha, ndipo poyamba wa lendi akamwalira anthu ankangoyang'anana. Chinakonza zinthu ndi buku la maliro. Khomo lililonse limalembedwa, la lendi lomwe, ndipo uthenga ukamveka limapereka mbale ya ufa, nkhuni ndi ndalama imene munagwirizana. Ndi kutentha kwa kuno thupi silidikira, choncho ndalama ya galimoto yopita kwawo kwa malemu iyenera kupezeka tsiku lomwelo. Amayi a banki mkhonde nawo amanga dera lino kuposa mmene anthu amaganizira. Malata ambiri amene ndakhoma mu Disembala anagulidwa ndi ndalama zogawana kumapeto a chaka.

Milandu yochuluka kwa a nyakwawa si ya mbuzi kapena ya malire, ndi ya madzi a mvula. Munthu amathira dothi kukweza puloti yake, n'kumanga mpanda wa njerwa wopanda mabowo, madzi onse n'kukhotera m'nyumba ya mnzake. Mnzakeyo naye amakweza yake, ndipo womaliza kumunsi, amene nthawi zambiri ndi wosauka kuposa onse, ndiye amagona pa madzi. Tinagwirizana kuti mpanda uliwonse ukhale ndi mabowo m'munsi pa mamita awiri alionse, ndi kuti ngalande ziyambe kukumbidwa kuchokera kumunsi kumene madzi akatulukire, kukwera nazo kumtunda. Mukayambira kumtunda mumangosonkhanitsa madzi pakhomo pa munthu. Ntchitoyi imagwiridwa Loweruka m'mawa mu Okutobala, khomo lililonse munthu mmodzi ndi khasu kapena fosholo, ndipo pamene ngalande yadutsa msewu timayika mapaipi a konkire, osati mitengo, chifukwa chiswe chimaimaliza chaka chisanathe. Eni midadada okhala kutali amatumiza ndalama ya waganyu kudzera kwa wa lendi wawo, ndipo dzina lawo limachongedwa m'buku ngati la wina aliyense.