Ku Springfield ndinakapeza volovolo yodya zipolopolo za mfuti ina

Basi yochokera ku New York kupita ku Springfield, m'boma la Massachusetts, imadzera ku Hartford. Mukamadutsa mumzindawo pa msewu waukulu wa I-91, yang'anani pawindo. Pali chinyumba chachitali cha njerwa chokhala ndi denga lobulungira ngati anyezi, la buluu, la nyenyezi zagolide, ndipo pansonga pake payima kahatchi. Imeneyo ndi fakitale yakale ya Colt, kampani yopanga mfuti. Ambiri m'basimo anali pa mafoni awo, koma ine khosi linachita kuuma ndi kucheuka, chifukwa theka la nkhani imene ndinkaitsata, ya volovolo yotchedwa M1917, linachitikira pamenepo.

Theka linalo lili ku Springfield, kwawo kwa kampani inanso ya mfuti, Smith & Wesson. Ndinayamba ndi Springfield Armory, kumene boma la America linkapangira mfuti za asilikali kuyambira 1794 mpaka kutsekedwa kwake mu 1968. Lero ndi malo osungirako zakale, ndipo kulowa ndi kwaulere. Sindinakhalitse. Mtima unali ku Wood Museum of Springfield History, kumene kuli njinga zamoto za kampani ya Indian ndi chipinda chonse cha mfuti za Smith & Wesson.

M'chipindamo muli mavolovolo ozokotedwa maluwa, ena okutidwa ndi siliva, ndipo anthu amaunjikana pamenepo. Imene ndinadzera ine ndi yosakongola: M1917, yakuda, chogwirira cha mtengo wosalala, ndi kamphete pansi pomangirira chingwe kuti msilikali asaitaye.

Vuto limene inabadwira ndi ili. Mu Epulo 1917 America inalowa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Mfuti ya m'manja ya asilikali ake inali M1911, imene anaikonza John Browning, yodya zipolopolo za mtundu wa .45 ACP kuchokera m'magazini, kabokosi kosungira zipolopolo. Asilikali anachuluka mwadzidzidzi, mfutizo zinapelewera. Koma Colt ndi Smith & Wesson anali nawo kale makina opangira mavolovolo akuluakulu, poti anali atangopangira a Britain ena odya zipolopolo za .455. Boma silinafune kutumiza ku France zipolopolo za mitundu iwiri. Linati volovoloyo idye .45 ACP yomweyo.

Apa ndi pamene panavuta. Chipolopolo cha volovolo chimakhala ndi mkombero kumbuyo, wotulukira kunja. Mkomberowo ndi umene umachigwira kuti chisamire m'bowo la silinda, chitsulo chozungulira chija cholowamo zipolopolo, ndipo mukawombera, kachitsulo kotulutsira makoko kamakola pomwepo n'kuwakankhira onse kunja. Chipolopolo cha .45 ACP chilibe mkombero wotero. Chili ndi kangalande chabe, kuti chizitsetsereka bwino m'magazini. Mukachiika mu volovolo, kotulutsirako kamangodutsa osagwira kanthu.

Yankho linachokera kwa Smith & Wesson, ndipo ndi kanthu koti mungakaponde osakazindikira: kachitsulo kopyapyala, kopindika ngati theka la mwezi, ka mapanda atatu. Dzina lake ndi half-moon clip. Zipolopolo zitatu zimalowa m'mapandamo ndi kangalande kawo kaja, ndiye tizitsulo tiwiri timadzaza mabowo onse 6. Kachitsuloko ndiko kamakhala mkombero. Boma litapempha, Colt analoledwa kukagwiritsa ntchito osalipira, ndipo makampani awiriwa anapanga mavolovolo opitirira 300,000 a dzina limodzi, ngakhale zitsulo za ina sizilowa mwa inzake.

Pafupi nane panali bambo wina wachikulire amene anaona kuti ndaimitsitsa. Anandiuza kuti ali nayo yake kunyumba, yosiyidwa ndi malemu bambo ake. Anatambasula chikhatho n'kuyamba kundisonyeza ndi chala chachikulu mmene amakanikizira chipolopolo m'kachitsulo mpaka kumva kuti khwatha. Kuika si nkhani, anatero, ntchito ili pochotsa makoko, zala zimachita kutupa. Kachitsuloko kakapindika pang'ono, silinda imakana kuzungulira. Zimenezi sizinalembedwe pa kapepala ka m'galasi, ndipo ndinamuthokoza kwambiri.

Iyeyo ndiye anandikumbutsa kusiyana kwa ziwirizi. Ya Smith & Wesson ili ndi kakhwerero mkati mwa bowo kamene kamaimitsa chipolopolo, choncho imawomba ngakhale popanda kachitsulo, kungoti makoko muziwatokosa limodzilimodzi ndi pensulo kapena kamtengo. Ma Colt oyambirira anabooledwa bowo lopyoza, ndipo popanda kachitsulo chipolopolo chinkalowa mkati kwambiri, mfuti osalira. Ganizani za mnyamata ali m'ngalande ya matope, tizitsulo tatayika, zipolopolo ali nazo koma mfuti yangoti zii. Nditaganiza zimenezo ndinasiya kuiona ngati chidole cha akatswiri. Moyo wa munthu unkapachikika pa kachitsulo kosakwana ndi chikhatho, ndipo mbali inayo kunalinso mwana wa munthu amene mfutiyo inkaloza. Colt anakonza vutolo pambuyo pake.

Nkhondo itatha, anthu wamba amene anagula mavolovolowa anatopa ndi tizitsulo, ndipo mu 1920 kampani ya Peters inatulutsa .45 Auto Rim, chipolopolo chomwecho koma cha mkombero wokhuthala. Mu 1937 dziko la Brazil linaitanitsa mavolovolo 25,000 a mtunduwu kwa Smith & Wesson, ndipo pa nkhondo yachiwiri ma M1917 anatulutsidwanso m'nkhokwe.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti njira ya pangozi ija inadzasanduka yokondedwa. Masiku ano pali kachitsulo kathunthu konyamula zipolopolo zonse 6, ndipo a mipikisano amakakonda chifukwa umangoponya kamodzi silinda yadzaza. Mu 1999 katswiri wa mipikisanoyi Jerry Miculek anawombera zipolopolo 6, kudzazanso, n'kuwomberanso 6 m'masekondi 2.99 ndi volovolo ya .45 ACP ya Smith & Wesson. Palinso mavolovolo a 9mm oyendera nzeru yomweyi.

Likulu la kampaniyi linasamukira ku Maryville, Tennessee, mu 2023, koma mbiri yake ikadali ku Springfield. Amene akufuna kupitako akonze tsiku lathunthu, ndipo ayambe waona masiku otsegulira, chifukwa Armory ndi Wood Museum satsegula tsiku lililonse. Kuchoka pa Armory kufika ku Wood Museum ndi mtunda woyenda wapansi, kutsetsereka ndi State Street.